Malo a Dzina

Matayala anayi, mapaundi mazana asanu ndi limodzi.
Ndawerenga kawiri pa thebulo la kukhitchini,
tiyi mpaka wazizira.
Matayala omwe Ndaziona adzawathe Loweruka limodzi
ndi mausiku anga asanu
otembenuza nkhalamba za ku Kettering kuno pabedi,
kuzipukuta, kuzimwetsa mankhwala,
kuvomera zikandiitana dzina la mwana wawo amene sabwera.

Mwanayu anabadwa ndi phazi lolemera.
Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu anakwera kagalimoto ka ana
pa phwando la mnzake wa kusukulu,
ndipo bambo wa ndevu woyang'anira pamalopo
anandikokera pambali:
mayi, uyu musamusiye.
Mtengo wake sananene.

Mandasi tagulitsa pakhomo la tchalitchi.
Chipereganyu cha amayi a ku Corby chandidumphitsa mzere kawiri
mpaka Nachisale anafunsa ngati mwanayo amamwa petulo.
Achimwene ku Balaka, pa lamya:
nyumba yako yaima pa mawindo chaka chachitatu,
iwe uli kalikiliki kulipirira mwana kuti azizungulira
n'kubwerera pomwe wayambira?

Makalata tinatumiza makumi asanu ndi awiri,
iye kulemba, ine kumata masitampu.
Ogulitsa makapeti anati chaka cha mawa.
A Whitlock a pa galaja anatipatsa oyilo ndi chipewa.
Enawo, zii.
Chitseko cha galimoto chili mbee,
chopanda dzina la munthu.

Kenaka Lachiwiri, mvula ya kuno yosadziwa kukata,
lamya inalira.
Mawu aulemu, osafulumira.
A Desmond Harrowell, a kampani ya Harrowell ndi Ana,
oika maliro kuyambira nthawi ya agogo awo.
Ndimawadziwa. Amabwera kuntchito kwathu m'bandakucha
pa khomo la kuseri, atavala zakuda,
ndipo wowatsegulira ndimakhala ine.

Anati: moyo wanga wonse ndayendetsa galimoto
pa liwiro la munthu woyenda pansi.
Ndikufuna dzina langa lithamangeko kamodzi.
Mapaundi zikwi zisanu ndi zitatu.

Ndinakhala pansi pa masitepe.
Kwathu sutchula bokosi mwana ali paulendo.
Manda suloza ndi chala.
Ndiye ine ndimate dzina la oika maliro
pa chitseko chomwe mwana wanga amatseka
asanaponde moto?

Ndaziona anaseka mpaka kutsamwa:
amayi, amenewa okha ndi omwe bizinesi yawo sidzagwa.
Kenaka anasiya kuseka.
Anandigwira dzanja, zikhadabo zake zakuda ndi girisi.
Sanapemphe.
Bola akanapempha, ndikanapeza pokanira.

Loweruka ndinaima kumpanda, majekete awiri, pemphero pakamwa.
Zilembo zagolide zija zinadutsa ndisanamalize kuziwerenga,
a Harrowell chipewa m'manja,
kukuwa ngati woitanira minibasi pa depoti ya Limbe.
Ine pa kona iliyonse maso tsinzinu.
Mpikisano wonse ndinaonera ndi makutu.

Anamaliza wachisanu ndi chiwiri.
Anatuluka wamoyo, thukuta kamukamu,
akudandaula za mabuleki.
Tikukankhira galimoto pa ngolo
ndinasuzumira pansi pa chiwongolero,
pomwe kamera sifika, pomwe palibe angalipire,
ndipo ndinaona zilembo zopendama
za penti wanga wa zikhadabo amene ndakhala ndikumufuna:
Esinala Chikaonda, mausiku onse.

Sindinamufunse.
Ndinagwada, ndinapapasa matayala, akadali otentha.
Atha.
Zikwi zisanu ndi zitatu sizifika Okutobala,
ndipo Lolemba ndili pa ntchito ya usiku.